Dzina Limene a Chagunda Anafufuta

A Fryson Chagunda ndinawadziwira kutchalitchi. Ife Amalawi a mbali ya Rockville timabwereka chipinda chapansi m'tchalitchi china, n'kumapemphera Lamulungu masana eni ake akaweruka, ndipo amene amafika koyamba kudzatsekula ndi iwowo. Ndi bambo wojintcha, wa khosi lalifupi, ndipo khutu lawo lakumanzere linapindika ngati bowa wouma. Pano ali ndi zaka 63. Mkati mwa sabata amayendetsa kabasi kotenga okalamba ku Gaithersburg kupita nawo kuchipatala ndi kuwabweza. Akazi awo, mayi Doris, amagwira ntchito yosamalira odwala. Ana awo awiri anakulira konkuno, ndipo ukawalonjera m'Chichewa amamva bwinobwino koma amakuyankha m'Chingerezi.

Kwa zaka zambiri a Chagunda ankadziwika ndi nkhani imodzi, ya chikho. Pabalaza pawo pali chithunzi chachikulu: anyamata khumi ndi asanu ovala majezi amizeremizere, matope mpaka m'maso, ndipo patsogolo pawo a Chagunda ali mnyamata, akulandira chikho chasiliva kwa mzungu wamtali wovala suti. Mlendo aliyense ankaimitsidwa pamenepo asanakhale pansi. Ankati mzunguyo anali wa kubanja lachifumu la ku Mangalande, wapatali ndithu ndi mpando koma wa magazi omwewo, ndipo dzanja lake linali lofewa ngati la khanda. Tinkaseka ulendo uliwonse ngakhale nkhaniyo tinali titailoweza.

Zimene ndikulemba apazi ndi zimene ankazisiya posimba. Anandiuza okha, ndipo ndi iwo amene anati ndizilembe.

Analowa usilikali mu 1983, akuchokera kwawo ku Jali. Tsiku lomwelo analowanso mnyamata wina wa ku Karonga, Medson Mwakikunga, woonda, wa miyendo itali, wolankhula Chichewa chopendekera kwawo. Anawapatsa mabedi oyandikana, ndipo ubwenzi unayambira pa kubwerekana polishi. Medson sankatha kunena kuti Fryson, ankangoti Fra, ndipo dzinalo linakanirira.

Nkhondo ya ku Mozambique itavuta, gulu lawo analitumiza kukalondera njanji yopita ku Nacala. Tsiku lina m'mawa, akuyenda pa malole awiri m'mbali mwa njanjiyo, lole yakutsogolo inaponda bomba lokwirira. Nthawi yomweyo zipolopolo zinayamba kuchokera m'tchire. Fryson anaomberedwa pantchafu n'kugwera poyera. Amene anatuluka pobisala n'kumukoka ndi lamba mpaka pansi pa kamlatho anali Medson. Kuomberana kutatha, Medson yemweyo ndiye anatumidwa ndi anzake awiri kukatola amene anali mu lole yoyamba ija. Anagwira ntchitoyo mpaka masana, kulongedza anzawo m'mabulangete. Kuchokera tsiku limenelo tulo tinamuthawa, ndipo anayamba kumwa.

Mtendere utabwera mu 1992 gulu lawo linabwerera kukambi. Anthu amene azolowera kugona ndi mfuti akangokhala opanda chochita amayamba ndewu, ndipo akuluakulu a kambi anaona zimenezo. Panali mzungu wina amene anabwera kudzaphunzitsa asilikali, ndiye anatulutsa mpira wooneka ngati dzira n'kuyamba kuwaphunzitsa ragibi. Poyamba anthu ankaseka. Mpira wanji wothamanga nawo m'manja, woponyerana chakumbuyo, woti mnzako akakugwetsa dala woimbira amangoyang'ana? Koma pasanathe miyezi itatu kambi iliyonse inali ndi timu, ndipo anakonza mpikisano. M'nyumba yodyera mabwana munali chikho chakale chokhala ndi chisoti chachifumu pachivundikiro. Asilikali akale ankati chinachokera kwa mfumu ya ku Mangalande, kuthokoza asilikali akuda atabwera ku nkhondo yaikulu. Zoona zake palibe ankadziwa, koma anachipukuta n'kulengeza kuti opambana adzachinyamula.

Fryson, ali kopolo, anamusankha kutsogolera timu ya kambi yawo. Malo ake anali kutsogolo pokankhana, pamene amuna amalowetsana mitu, ndipo khutu lija linapindikira pamenepo. Medson anamuika kumphepete, kwa othamanga.

“Munthu uja akagwira mpira ankasanduka wina,” anatero a Chagunda pondiuza. “Kumaso kunkayera. Ankathamanga akuseka, anthu atatu akumulondola, palibe womugwira ngakhale malaya. Masewero asanu amene tinasewera tisanafike komaliza, palibe amene Medson sanagoletse. Kunena zoona, anatifikitsa kumeneko ndi iyeyo.”

Koma kunja kwa bwalo zinthu sizinali bwino. Tsiku lina pa perete, lole ina inaphulitsa utsi kuseri kwa galaja, phuu! Medson anadziponya pansi, manja kumutu, akukuwa maina a anthu amene anatsala ku Mozambique. Ena anaseka. Fryson anamudzutsa n'kumupukuta fumbi, koma mabwana anali ataona.

Kutatsala masiku atatu kuti asewere komaliza, meja anaitanitsa Fryson ku ofesi. Anamuuza kuti kwabwera mlendo wa kubanja lachifumu, wodzayendera asilikali akale a nkhondo yaikulu, ndipo wavomera kudzapereka chikho. Kudzakhala bandi, atolankhani, ndi kuomba mfuti zaulemu.

“Ndiye kopolo,” anatero meja, akumukankhira pepala la maina a osewera, “anyamata akowa ali bwino onse? Palibe amene angatichititse manyazi pamaso pa mlendo?”

Patebulo lomwelo panali pepala lina, la amene akuganiziridwa kupita ku maphunziro a usajeni. Fryson analiona chozondoka, ndipo dzina lake linalipo, lachinayi. Anatenga cholembera cha meja n'kufufuta dzina la Medson pa pepala la osewera lija.

“Meja sanatchule munthu,” anandiuza a Chagunda. “Mulembe zimenezo. Anangofunsa funso. Ndikanati onse ali bwino bwana, nkhani ikanathera pomwepo.”

Pepalalo analikhoma pabolodi iye n'kuzemba. Medson anakamupeza kochapira, atanyamula jezi yake ya nambala 11, yochapa kale ndi kusita.

“Fra, dzina langa aliiwala pa pepala paja.”

“Sanaiwale,” anatero Fryson, maso ali mu ndowa. “Meja wakana. Ndayesetsa, koma wakana.”

Medson anaika jeziyo pamwala wouma, kuti isanyowe, n'kuchoka.

Anapambana masewerowo movutikira, kusiyana kwake kochepa kwambiri. Mfuti zinalira, bandi inaimba, mlendo anatsika pa nsanja n'kupereka chikho. Ananena mawu ena amene Fryson sanawamve chifukwa cha phokoso, iye anangoti “Yes, sir.” Wojambula anajambula. Ponyamula chikho m'mwamba anayang'ana m'khamu la anthu kufuna Medson, koma sanamuone.

Mwezi wotsatira Fryson anapita ku maphunziro aja. Pobwera ali sajeni anapeza bedi la Medson muli munthu wina. Anamva kuti kumwa kunawonjezeka, anajomba ntchito kangapo, ndipo anamuchotsa usilikali. Keyala ya ku Karonga anali nayo m'kabuku. Anaganiza zolemba kalata akapeza mawu oyenera, ndiye chaka chinatha, kenako china. Anakwatira, ana anabadwa. Mu 2004 anamutumiza ku Washington kudzayendetsa galimoto ya bwana woona za usilikali ku ofesi ya kazembe. Nthawi yake itatha anapuma ntchito, ndipo popeza mayi Doris anali atapeza ntchito ndi mapepala, banja linakhazikika ku Gaithersburg. Chithunzi chija chinakwera pakhoma, ndipo nkhani yake inkakoma chaka ndi chaka. Ine ndinaimva mwina kakhumi, koma dzina la Medson sindinalimvepo.

Zaka ziwiri zapitazo, mwezi wa Seputembala, kutchalitchi kunabwera mtsikana watsopano, wodzaphunzira za umoyo pa yunivesite ina konkuno. Poimirira kudzidziwikitsa anangoti ndi Lusekelo, wa ku Karonga. Mayi Doris ali ndi chizolowezi choitana ophunzira atsopano kukadya kwawo, ndipo tsiku limenelo anandiitana nane. Titalowa, a Chagunda anamuimitsa mtsikanayo pa chithunzi monga mwa masiku onse. Asanayambe n'komwe, Lusekelo anaomba m'manja.

“Ii, ankolo! Chithunzi ichi ndikuchidziwa. Kwathu chilipo, chodula mu nyuzipepala. Adadi anachiika mu Baibulo.”

“Bambo ako ndani?” anafunsa a Chagunda.

“A Medson Mwakikunga. Anali msilikali kalekale, ine ndisanabadwe. Amati iyi inali timu yawo, koma tsiku lojambulali anali m'chipatala ndi malungo.” Anayandikira n'kuloza. “Ndipo awa amati ndi mnzawo Fra. Ankolo, ndinu a Fra?”

Ndinaona a Chagunda akugwira msana wa mpando. Anati inde, ndi iwo. Mtsikanayo anasangalala kwambiri, n'kuyamba kufotokoza zonse. Bambo ake anavutika ndi mowa zaka zambiri, mkazi woyamba anawathawa, koma anadzasiya atakwatira mayi ake. Amakonza njinga pamsika ndi kulima mpunga. Mwendo wina umawavuta masiku ano. Lusekelo analemba nambala ya foni ya bambo ake kuseri kwa pepala la nyimbo za kutchalitchi n'kuwapatsa. Tsiku limenelo nkhani ya dzanja lofewa sitinaimve, ndipo mpunga wawo a Chagunda anangougwiragwira.

Pepalalo linakhala m'thumba la jekete yantchito milungu isanu ndi umodzi. Lamulungu lililonse Lusekelo ankafunsa ngati aimba, iwo n'kumati maola a kuno ndi a kumudzi sakugwirizana. Mayi Doris, amene nawonso nkhani yeniyeni anaimva sabata yomweyo atakhala m'banja zaka makumi atatu, anawauza kuti, “Bambo, mwanama kwa bambo wake, tsopano mwayamba kunama kwa mwana. Mufuna mufike kwa adzukulu?”

Anaimba Lachitatu lina m'mawa, ali m'kabasi, atatula gogo wina pa chipatala cha impso n'kumamudikira panja. Masamba anali atayamba kugwa. Foni inaitana kanayi.

“Halo?”

“Medson? Ndine Fryson. Fra.”

Kunkangomveka nyundo ikugogoda chitsulo chapatali ndi anthu a pamsika.

“A Chagunda,” anatero mawu aja pamapeto pake. “Mwana anandiuza kuti anakupezani. Muli bwanji kumeneko? Mayi ali bwanji?”

A Chagunda akuti ulemu umenewo unawalasa kuposa chipongwe. Munthu amene ankagawana naye ndudu imodzi, amene sanawatchulepo kuti inu, tsopano ankawalankhula ngati bwana wa ku boma. Anayankha malonje, kenako anangolowa m'nkhani, poopa kuti akazengereza adula foni.

“Medson, pali chimene ndinakunamiza. Dzina lako silinafufutidwe ndi meja. Ndinafufuta ndine, ndi dzanja langa.”

“Ndinadziwa.”

“Unadziwa bwanji?”

“Kalaliki wa meja anali wa kwathu. Anandiuza madzulo a tsiku lomwelo.”

“Nanga bwanji sunandifunse?”

“Ndinkadikira kuti munene nokha. Mwanena lero.”

Gogo wina anagogoda pa windo kufunsa ngati basiyo ikupita ku Rockville, a Chagunda anapukusa mutu osatsitsa galasi.

“Malungo aja unamuuza mwana…”

“Ndikanamuuza chiyani? Kuti bambo ako anali wamisala, anzake anamubisa alendo atabwera?” A Medson anatsokomola. “Masewero aja ndinaonera. Ndinali kuseri kwa lole ya madzi, kumapeto kwa bwalo. Mnyamata munamuika pa malo anga uja anagwetsa mpira kawiri.”

“Katatu,” anatero a Chagunda, ndipo onse anaseka pang'ono, kuseka kosakhalitsa.

“Chimodzi chokha ndikuuzeni, poti mwaimba,” anapitiriza a Medson. “Nthawi imene ija ndinali nditatha masiku khumi ndi limodzi osalawa mowa. Ndinkawerenga. Ndinkafuna ndidzaime bwino pamzere. Ndipo mfuti zija zitalira sindinagwe. Ndinagwira tayala la lole, koma sindinagwe. Panalibe wondiona, basi.”

A Chagunda anapepesa, mawu akutuluka moduka. A Medson anati amva, ndipo zinapita zimenezo, onse akalamba. Kenako anapempha chinthu chimodzi: akuti kumeneko kumazizira koopsa ndipo mwanayo sadziwa chovala choyenera, ndiye amuthandize kusankha. Anatsazika chifukwa panabwera kasitomala.

Loweruka lotsatira a Chagunda ndi mayi Doris anatenga Lusekelo kukagula jekete ndi nsapato zachisanu. Pobwerera, asanamutsitse, a Chagunda anaimitsa galimoto n'kumuuza kuti bambo ake sanadwale malungo tsiku lija. Anamuuza za bomba, za kamlatho, za pepala la meja, osadumpha kanthu. Mayi Doris akuti mtsikanayo anamvetsera jekete ili pamiyendo, akuseweretsa zipi.

“Ndiye adadi anakupulumutsani,” anatero, “inu n'kuwachotsa.”

“Eya.”

“Mukanapanda kuwachotsa, akanasiya mowa nthawi imene ija?”

“Sindikudziwa, mwanawe. Ndakhala ndikudzifunsa.”

“Amayi anga aakulu aja, mkazi woyamba wa adadi, anachoka ndi ana awiri,” anatero Lusekelo. “Achimwene anga sawalankhula adadi mpaka lero.” Anatsekula chitseko. “Zikomo chifukwa cha jekete. Thank you, auntie.”

Kutchalitchi sanasiye kubwera, koma kwa miyezi ingapo ankakhala kumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Kunyumba kwa a Chagunda anadzapitako pa Pasaka, mayi Doris atachita kukamutenga. Pano amapitako mwa apo ndi apo, amacheza kwambiri ndi mwana wawo wamkazi, Tiffany, ndipo amawapatsa a Chagunda ulemu wonse woyenera munthu wamkulu. Lusekelo sanawauze bambo ake kuti akudziwa zoona zake. Akuti adikira adzapite yekha.

Chaka chatha mu Julaye a Chagunda anapita kumudzi, ulendo woyamba m'zaka zisanu ndi zinayi. Atagona masiku awiri ku Jali anakwera basi mpaka ku Karonga. M'chikwama anali atanyamula jezi yatsopano yamizeremizere imene anaisokeretsa nambala 11 ku sitolo ina ku Rockville. Ankaganiza kuti akakumbatirana, akalira, akakhala mpaka dzuwa kupendeka akukumbutsana za ku Nacala.

Anapeza a Medson pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, atazondotsa njinga ya kabaza. Anali ataonda kuposa kale, tsitsi lonse mbuu. Anapukuta manja pa nsanza, n'kupereka moni ndi manja awiri. Anatseka ntchito n'kupita nawo kunyumba, kumene mayi a Lusekelo anapha nkhuku. Mlendo anamupatsa mpando wabwino, mwini nyumba anakhala pa benchi. Anakambirana za mvula, za mtengo wa feteleza, za mmene ndege imatalikira, ndi za maphunziro a Lusekelo. A Chagunda akayamba za kale, a Medson ankayankha mwachidule n'kufunsa china.

Potsiriza anatulutsa jezi ija. A Medson anaitambasula, anaona nambala, anaisisita ndi chala.

“Nsalu yabwino,” anatero. “Koma yandikulira. Ndimupatsa mdzukulu wanga, amakonda mpira.”

Anawaperekeza mpaka pamsewu, akutsimphina, atawanyamulira kathumba ka mpunga koti akapatse mayi Doris. Basi itaima anagwirananso chanza.

“Muyende bwino, a Chagunda. Mwachita bwino kubwera.”

Atabwerako ndinawafunsa ngati mtima wawo watsika. Anati sakudziwa. Anati palibe chimene munthu uja anawalakwira pa ulendo wonsewo, anawalandira monga mmene mlendo amalandiridwira, ndipo n'chimene chinawawawa. Anati akanalemba kalata ija mu 1993, ngakhale ya mizere itatu, mwina akanapeza mnzawo akadalipo.

Amaimbabe foni Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, m'mawa kuno kukakhala masana ku Karonga. A Medson amayankha nthawi zonse. Amakambirana za mpunga, za mwendo, ndi za Lusekelo, amene amaliza maphunziro ake chaka chamawa. Foniyo sipitirira mphindi zisanu, ndipo amene amayamba kutsazika ndi a Medson.